Tebulo ndi la wakhofi, mbale ndi ya wina: mbiri ya madyero a mu George Town

Mlendo wolowa koyamba m'nyumba ya khofi mumzinda wa George Town, pa chilumba cha Penang m'dziko la Malaysia, sachedwa kubalalika. Akangokhala pansi pamabwera munthu kudzamufunsa chakumwa. Mlendoyo akayamba kutchula zakudya, munthu uja amangomulozera kukhomo, chifukwa iye za chakudya sizimukhudza. Kukhomoko, m'mbali mwa khonde, kwandanda tizikuku tingapo, kalikonse ndi mwini wake, mbaula yake ndi chakudya chake chimodzi. Uyu akukazinga, uyo akuwiritsa, winayo akudula nkhuku. Wofuna kudya amanyamuka kukaitanitsa kwa amene wamukonda, n'kumulozera tebulo limene wakhalapo, n'kubwerera. Mbale ikafika amalipira pomwepo kwa mwini mbaleyo. Khofi akafika amalipiranso payekha. Anthu anayi a pa tebulo limodzi akhoza kulipira amalonda asanu osiyana, ndipo akachoka wophika aliyense amadzatola mbale zake, poti amazidziwa ndi mtundu wake.

Malo oterewa amatchedwa kopitiam, kutanthauza sitolo ya khofi. Mwini nyumbayo amagulitsa zakumwa, buledi ndi mazira basi. Ophika aja ndi alendi ake, amamulipira pa mwezi kapena pa tsiku chifukwa cha kadera kamene aimikapo chikuku. Phindu lenileni la mwininyumba lili m'kapu, n'chifukwa chake kukhala pa tebulo lake osagula chakumwa kumaonedwa ngati mwano, ndipo m'malo ena amakulipiritsa kandalama ukakana.

Lero boma la Penang limawanyadira madyero amenewa, limawaika pa zikwangwani zokopa alendo, ndipo anthu amakwera ndege kuchokera ku Singapore kapena ku Jakarta kudzangodya. Koma amene anayambitsa zonsezi sankaganiza za alendo. Anali anthu a mitundu itatu, onse osowa: antchito opanda khitchini, ophika opanda denga, ndi eni masitolo amene khofi yekha sankawakwanira kulipira lendi. Mbiri ya kopitiam ndi mbiri ya momwe atatuwa anapezerana.

Mzinda wa amuna okhaokha

Mu 1786 Mngerezi wina woyendetsa sitima zapamadzi, Francis Light, anatenga chilumbachi kwa mfumu ya ku Kedah m'dzina la kampani ya East India Company. Mudzi umene anaumanga anaupatsa dzina la mfumu ya kwawo, George III. Kuti akope amalonda, analengeza kuti katundu wodzera pa doko lake salipira msonkho, ndipo anthu anakhamukirako. Kunabwera Matchaina olankhula Chihokkien ochokera ku chigawo cha Fujian, Atamil ochokera kumwera kwa India, Amalay a ku Kedah, anthu a ku Aceh pa chilumba cha Sumatra, Aluya, a ku Siam ndi a ku Burma. Mpaka lero maina a misewu akuchitira umboni: Chulia Street, Acheen Street, China Street, Armenian Street, Burmah Road.

Singapore itakhazikitsidwa mu 1819 inalanda malonda ambiri a Penang, koma chilumbachi chinadzukanso migodi ya tini itachuluka ku Perak ndi kumwera kwa Siam. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869 sitima zoyendera nthunzi zinachuluka, kenako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunabwera minda ya labala. Zonsezi zinkafuna mikono. Pa doko la Weld Quay pankafunika onyamula matumba, m'misewu okoka ngolo za anthu zotchedwa rickshaw, m'magodauni osenza katundu.

Antchito amenewa pafupifupi onse anali amuna. Akazi ndi ana anawasiya kwawo, maganizo ali oti akapeza ndalama abwerere. Ankagona mothithikana m'zipinda za pamwamba pa masitolo, ena kusinthana bedi limodzi, wogwira usiku kugona masana. M'malo otere mulibe pophikira, ndipo ngakhale pakanakhalapo, munthu wosenza matumba kuyambira mbandakucha alibe nthawi yosonkha moto. Chakudya chinayenera kumutsata komwe ali, chikhale chotentha, chotsika mtengo komanso chokhalitsa m'mimba.

Amene anaona msika umenewu koyambirira ndi Asilamu achitamil. Ankaphika mpunga ndi ndiwo kunyumba, n'kuika m'madengu awiri, n'kumangirira kumapeto a mtengo umene ankaunyamula paphewa. Mtengo wonyamulirawo pa Chimalay ndi kandar, ndipo chakudyacho mpaka pano chimatchedwa nasi kandar ngakhale palibenso amene amachinyamula chomwecho. Akafika ku doko ankatula pansi, kuika timipando, antchito n'kudya ndi manja. Ndiwo zinali zosavuta: nsomba kapena nyama ya ng'ombe yophikidwa ndi curry, dzira lowiritsa ndi therere lobala. Chizolowezi chothira misuzi ingapo pa mpunga umodzi chidakalipo, ndipo wofuna msuzi wambiri amangoti "banjir", mawu amene amanenanso madzi osefukira. Lesitilanti ya Hameediyah pa Campbell Street, imene imawerenga zaka zake kuyambira mu 1907, inachokera ku malonda a paphewa omwewa.

Matchaina nawo anali ndi zawo. Wogulitsa wantan mee ankalengeza kufika kwake pogogoda timitengo ta nsungwi, moti anthu a ku Penang chakudyacho amachitchabe tok tok mee. Tikayang'anitsitsa zakudya zimene zatchukitsa mzindawu, umphawi wa chiyambi chake umaonekera poyera. Msuzi wa Hokkien mee umaphikidwa ndi mitu ndi makoko a ma prawns, tinyama ta m'nyanja tija, zinthu zimene wolemera akanataya. Asam laksa ndi msuzi wowawasa ndi bwemba, wophikidwa ndi kembung, nsomba wamba ya anthu osauka, n'kuwazamo nanazi, anyezi, tsabola, timbewu ndi duwa lonunkhira lotchedwa bunga kantan. Char koay teow, chimene ambiri amati ndicho mfumu ya zonse, ndi ma noodles ophwatalala a ufa wa mpunga okazingidwa m'mafuta a nkhumba pamodzi ndi nyemba zophukira, dzira ndi nkhono za m'nyanja. Mafutawo ndiwo anali cholinga chake: munthu wokoka ngolo tsiku lonse ankafuna mphamvu zotsika mtengo.

Atsamunda sankawaona bwino mavenda amenewa. Ankati akutseka misewu ndi makonde oyendamo anthu, akutaya zonyansa m'ngalande, akutsukira mbale zambirimbiri m'ndowa imodzi ya madzi ndi kufalitsa matenda. Zina mwa izi zinali zoona. Khonsolo inkapereka malaisensi ochepa, apolisi n'kumathamangitsa otsalawo, kulanda katundu ndi kulipiritsa chindapusa. Aliyense amene anaonapo mpikisano wa mavenda ndi asikari a khonsolo mu Limbe kapena ku Lilongwe akudziwa mathero ake: galimoto ikangokhota, malonda amabwerera pomwe anali. Mzinda unkawada ophikawo masana, koma sukanatha kugwira ntchito popanda iwo.

Ofika mochedwa

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndi ya anthu ochokera ku chilumba cha Hainan, kumwera kwa China. Iwo anafika ku Malaya mochedwa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anzawo atagawana kale ntchito. Nthawi imeneyo ntchito inkayenda ndi chilankhulo. Ahokkien anagwira malonda akuluakulu ndi zombo, Ateochew anali pa nsomba ndi ulimi, Akantoni pa zaumisiri, Ahakka pa migodi ndi masitolo a mankhwala. Gulu lililonse linali ndi bungwe lake, ndipo linkalemba ntchito anthu akwawo. Ahainan, ochepa komanso olankhula chinenero chimene enawo sankachimva, anatola zotsala. Anakhala makhuku ndi anyamata a m'nyumba za Azungu ndi za Matchaina olemera a mtundu wa Peranakan, operekera zakudya m'mahotela ndi m'makalabu, ophika m'sitima zapamadzi. Kachisi wawo wa mulungu wamkazi woteteza oyenda panyanja adakaimabe pa Muntri Street.

M'makhitchini a mabwanamo anaphunzira zinthu zimene Mtchaina wamba sankazidziwa: kufulula khofi, kuwotcha buledi, kuwiritsa dzira kuti lisalimbe, kukazinga nyama ya nkhuku ndi mbatatesi. Chuma cha dziko lonse chitagwa m'zaka za m'ma 1930, mabwana ambiri anachotsa antchito, koma nayo lendi ya masitolo inatsika. Khuku amene anasungako kangachepe anatha kubwereka chipinda cha pansi n'kuika matebulo. Nkhondo yachiwiri itatha, ndiponso Angerezi atayamba kulongedza ufulu wa 1957 ukuyandikira, Ahainan enanso ambiri anachita chimodzimodzi. Anzawo a ku Fuzhou, nawonso ofika mochedwa, analowa malonda omwewo.

Chimene anachita ndicho kutenga kadzutsa wa bwana n'kumutsitsa kuti akwanire thumba la wantchito. Jamu wa zipatso wochokera ku Ulaya anali wodula, choncho pa buledi wowotcha pa makala ankapakapo kaya, phala lotsekemera la mazira, shuga, mkaka wa kokonati ndi masamba a pandan, n'kuikapo kachidutswa ka batala wozizira. Dzira lofewa lija analiswera m'sosala, n'kuthiramo sosi wa soya ndi tsabola woyera. Mkaka wa ng'ombe sukanakhalitsa m'dziko lotentha lopanda mafiriji, ndiye anagwiritsa ntchito wa m'chitini, wokhuthala ndi wotsekemera.

Khofi weniweniyo ndi nkhani payokha. Azungu anayesa kulima khofi wa mtundu wa liberica ku Malaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, koma mitengo itagwa ndiponso tizilombo titavuta, minda yambiri inasanduka ya labala. Khofi amene anthu wamba akanakwanitsa anali liberica wotsalayo ndi robusta, onse owawa kuposa arabica. Okazinga anapeza njira: amakazinga njere pamodzi ndi shuga ndi majarini mpaka zide bii, zikutidwe ndi shuga wopserera. Izi zimabisa kuwawa koipa, komanso, tinene zoona, zimawonjezera kulemera kwa thumba ndi zinthu zotsika mtengo kuposa khofi. Ufa wake amauika m'kathumba ka nsalu kooneka ngati sokosi, n'kuthira madzi owira, kusefa kuchokera m'ketulo ina kupita m'inzake. Kapu ya dothi yokhuthala, kawirikawiri yokhala ndi maluwa obiriwira, amayamba aiviika m'madzi otentha kuti khofi asazizire msanga. Akale ankathira khofi m'sosala n'kumapsontha kuti asapse pakamwa.

Poitanitsa pali chilankhulo chake chimene mwana aliyense wa mumzindawu amachidziwa. Ukangoti kopi, akubweretsera wa mkaka wotsekemera. Kopi-o ndi wopanda mkaka koma wa shuga. Kopi-c ndi wa mkaka wa m'chitini wosatsekemera. Ukawonjezera kosong ndiye kuti shuga asaikemo, peng ndiye wa ayisi, kau ndiye wamphamvu. Woperekera amakuwa zimenezi kuchokera pa tebulo mpaka kumbuyo kwa nyumba, ndipo wofulula uja salemba paliponse.

Ukwati wa chikuku ndi tebulo

Kapu ya khofi inkagulidwa ndi masenti ochepa, ndipo munthu akaigula ankatha kukhala ola lathunthu. Mwini kopitiam anali ndi denga, madzi a pampope, matebulo a mwala wa nsangalabwi ndi laisensi, koma makasitomala ake ankachoka njala ikawapweteka. Panja panali wophika amene anthu ankamufuna, koma mvula ikagwa kapena apolisi akatulukira malonda ake ankathera pomwepo. Sipanafunike mlangizi wa zachuma kuti awiriwa amvane. Wophika analowetsa chikuku pakhonde, wakhofi analandira lendi, ndipo aliyense wobwerera chakudya anagulanso chakumwa.

Panganoli lili ndi malamulo ake osalembedwa. Mwininyumba salola ophika awiri a chakudya chimodzi pakhonde lake. Amayesetsa kupeza mmodzi wotchuka, chifukwa mzere wa anthu odikira wophika ameneyo umadyetsa onse. Wophika wotchuka akayambana ndi landilodi n'kusamukira tsidya lina la msewu, makasitomala amamutsatira, ndipo kopitiam ina imagwa ndi zomwezo. N'chifukwa chake anthu a ku Penang akamalozerana chakudya satchula dzina la nyumba kawirikawiri. Amanena msewu ndi munthu: agogo a char koay teow a pa Siam Road, laksa ya pa msika wa Air Itam, cendol ya m'kanjira ka pa Penang Road. Nyumba zina zimakhala ndi magulu awiri a ophika, a m'mawa amene amatseka dzuwa likafika paliwombo, ndi a madzulo amene amadzaimika pomwepo.

Ubwino wa dongosololi ndi wakuti wophika amakalamba akuphika chinthu chimodzi. Munthu amene wakazinga char koay teow kwa zaka makumi atatu amadziwa moto wake kuposa khuku aliyense wa m'hotela amene ali ndi zakudya makumi asanu pa menyu. Akatswiri enieni amakazinga mbale imodzi kapena ziwiri pa nthawi, pa makala, chifukwa chiwaya chikadzaza chimazizira ndipo kafungo ka utsi kamene Akantoni amati wok hei sikatuluka. Mzere ukatalika satekeseka. Wofulumira apite kwina.

Kopitiam inalinso bwalo la nkhani. Amuna ankabwerekana nyuzi, monga Kwong Wah Yit Poh imene inayambira mu George Town momwemo mu 1910 mothandizidwa ndi Sun Yat-sen, wodziwa kuwerenga n'kumawerengera anzake. M'zaka za m'ma 1950 bokosi la wailesi ya Rediffusion linkapachikidwa pakhoma, anthu n'kumasonkhana kudzamvera nthano za m'zilankhulo zawo. Pansi pa tebulo lililonse pankakhala kambiya kolavuliramo. Apa ndi pomwe anthu ankapezerana ntchito, kubwerekana ndalama, kukambirana za maukwati ndi kutsutsana za ndale. Akazi sankakhalapo kwenikweni mpaka patapita zaka.

Nthawi ya Ajapani, amene anaphulitsa mzindawu ndi kuulanda mu Disembala 1941, mpunga unasowa, anthu n'kumadalira chinangwa ndi mbatata mpaka 1945. Malonda ambiri a zakudya anaima, koma nkhondo itatha anabwerera mwamphamvu, poti munthu wopanda ntchito chimene angayambe msanga ndi mbaula.

Khonsolo imanga madenga

Zimenezi zinaonekanso mu 1969, pamene Penang inalandidwa mwayi wake wa doko lopanda msonkho. Malonda a pa doko anazilala, ulova unakula, achinyamata ambiri anathawira ku Kuala Lumpur ndi ku Singapore, ndipo otsala ochuluka anatulutsa zikuku mumsewu. Nduna yaikulu ya boma la Penang, Lim Chong Eu, inafuna chipulumutso ku mafakitale. Mu 1972 anatsegula dera la mafakitale ku Bayan Lepas, kumwera kwa chilumbachi, ndipo makampani a zamagetsi monga Intel, Hewlett-Packard, Bosch ndi Hitachi anabwera. Ambiri mwa olembedwa ntchito anali atsikana ndi amayi, ogwira mosinthana usana ndi usiku. Banja limene bambo ndi mayi onse ali pantchito linayamba kugula chakudya chamadzulo chokulunga, chimene amati tapau kapena bungkus. Msika wa ophika, m'malo mochepa chifukwa cha chitukuko, unakula.

Apa mpomwe khonsolo inasintha maganizo. M'malo mongothamangitsa, inayamba kumanga malo okhala ndi denga, madzi, magetsi, ngalande ndi matebulo a aliyense, n'kumabwereketsa timalo pa mtengo wotsika. Pa Chimalay amati medan selera. Kunena zoona ndi kopitiam yomweyo yokulitsidwa, kungoti landilodi wake ndi boma. Ena anamangidwa moyandikana ndi misika, monga wa pa Cecil Street, ena m'mphepete mwa mabwalo monga Padang Kota Lama pafupi ndi linga lakale la Fort Cornwallis.

Singapore inachita ntchito imeneyi mpaka kumapeto. Pakati pa 1971 ndi 1986 inachotsa ophika onse mumsewu n'kuwalowetsa m'malo omangidwa ndi boma. Penang inayamba koma sinamalize, ndipo ine ndimaona kuti kusamaliza kumeneku n'kumene kunaupulumutsa mzindawu. Mpaka lero mitundu itatu yonse ya madyero ikukhalira limodzi. Dzuwa likapendeka, New Lane, Kimberley Street ndi mbali ina ya Chulia Street zimadzaza ndi zikuku, matebulo apulasitiki ali pa phula, njinga zamoto zikudutsa pambali pa chigongono cha wakudya. Makopitiam ali pa ngodya zambiri za misewu. Nawo ma medan selera ali m'dera lililonse.

Otchuka kwambiri mwa onsewa ndi a pa Gurney Drive, msewu wa m'mphepete mwa nyanja umene unapatsidwa dzina la Henry Gurney, mkulu wa atsamunda amene zigawenga za chikomyunizimu zinamupha mu 1951. Poyamba ophika ankangondanda m'mbali mwa msewu, anthu n'kumadya akupitidwa mphepo ya panyanja. Kenako khonsolo inawasonkhanitsa kumapeto kwa msewuwo. Masiku ano azunguliridwa ndi nyumba zosanja ndi masitolo akuluakulu monga Gurney Plaza, ndipo kuyambira mu 2016 nyanja ya patsogolo pawo inayamba kukwiriridwa kuti papezeke malo atsopano. Eni mzinda ambiri amati kumeneko n'kwa alendo, iwo amakadya kwina.

Tebulo silinali la onse mpaka kale

Pali mbali ina imene zikwangwani zokopa alendo sizinena. Achikulire ambiri amakumbukira nthawi imene Mmalay, Mmwenye ndi Mtchaina ankamwera khofi m'kopitiam imodzi, Msilamu n'kungopewa mbale ya nkhumba. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, chitsitsimutso cha Chisilamu chitakula m'dzikomo, nkhani ya chakudya cha halal inayamba kutsatidwa mosamalitsa, mpaka pa mbale ndi makapu amene chakudya chaperekedwamo. Boma linakhazikitsa ziphaso za halal, zimene pano zimayang'aniridwa ndi nthambi ya JAKIM. Amalay ambiri anasiya kulowa m'kopitiam ya Mtchaina. M'malo ngati Padang Brown, ophika Achitchaina ali mbali yawo, Asilamu mbali yawo.

Amene anapindula ndi zidzukulu za onyamula mpunga paphewa aja. Malesitilanti a Asilamu achimwenye, amene aliyense amawatcha mamak, ndi a halal, motero mtundu uliwonse umalowamo. Ambiri satseka usiku wonse. Amagulitsa roti canai, mee goreng ndi teh tarik, tiyi wa mkaka amene amamutsanula kuchokera m'kapu ina kupita m'inzake mkono utatambasuka kuti achite thovu. Usiku wa mpira wa ku England, pa mamak ndi pomwe Malaysia yense amakhaladi pa tebulo limodzi.

Lendi, alendo ndi funso la wophika

Chimene chinasunga makopitiam akale kwa nthawi yaitali ndi lamulo la 1966 loletsa kukweza lendi ya nyumba zomangidwa kale. Chifukwa cha lamuloli, mabanja osauka, amisiri ndi eni timasitolo anakhalabe pakatikati pa mzinda akulipira ndalama yochepa. Linathetsedwa mu 1997, ndipo chiletsocho chinatheratu kumayambiriro kwa 2000. Lendi inakwera kangapo, anthu masauzande anasamukira kunja kwa mzinda, ndipo kopitiam imene makasitomala ake anali oyandikana nayo inatsala ndi matebulo opanda anthu.

Mu Julaye 2008 bungwe la UNESCO linaika George Town pamodzi ndi Melaka pa mndandanda wa malo a mbiri ofunika pa dziko lonse. Nyumba zinapulumuka osagumulidwa, koma mitengo yake inauluka. Zithunzi za pakhoma zimene Ernest Zacharevic wa ku Lithuania anajambula mu 2012 zinabweretsa khwimbi la ojambulitsa. Masitolo akale anasanduka timahotela ndi makafe a makina a espresso, momwe kapu imodzi mtengo wake ungagule makapu angapo a kopi. Nawo makampani anaona kuti kukumbukira zakale kumagulika. OldTown White Coffee, imene inayambira ku Ipoh mu 1999, ndi ena otengera pomwepo anatsegula makopitiam a m'masitolo akuluakulu, okhala ndi matebulo a nsangalabwi, makapu a maluwa obiriwira, mpweya wozizira ndi chiphaso cha halal. Chimene mulibe ndi alendi a pakhonde aja. Zonse zimachokera m'khitchini imodzi ya kampani.

Kutchuka kunapitirira. Mu 2011 CNN inaika asam laksa ya ku Penang pa nambala 7 mwa zakudya 50 zokoma kwambiri pa dziko lapansi. Kumapeto kwa 2022 buku la Michelin linafika ku Penang ndipo linalemekeza ngakhale ophika a m'timalo ting'onoting'ono. Singapore italembetsa chikhalidwe cha ophika ake ku UNESCO mu 2020, Amalaysia ambiri anapsa mtima, akuti zakudya zenizeni zili kwawo. Mu Disembala 2024 nawonso analembetsa kadzutsa wawo, wa nasi lemak, roti canai ndi teh tarik. Pakatipo ophika anadutsa m'zina: lamulo loletsa fodya m'malo onse odyera kuyambira mu 2019, ndi chitseko cha Covid-19 cha mu Malichi 2020, chimene chinakakamiza ngakhale agogo kuphunzira kulandira ndalama pa foni ndi kupereka chakudya kwa anyamata a njinga zamoto a Grab ndi Foodpanda.

Koma vuto lalikulu si lendi kapena mliri. Wophika anadzuka 4 koloko m'mawa kwa moyo wake wonse, kusenda ma prawns ndi kuimirira pa moto, kuti mwana wake aphunzire asadzagwire chiwaya. Ndipo anapambana. Mwanayo ndi injiniya ku Bayan Lepas kapena akauntanti ku Singapore. Mpata umene wasiya walowamo wantchito wochokera ku Myanmar, Indonesia, Bangladesh kapena Nepal, amene poyamba amatsuka mbale, kenako kudula anyezi, mapeto ake n'kupatsidwa chipande.

Boma la Penang, pansi pa nduna yaikulu Lim Guan Eng, linaona ichi ngati chiopsezo. Mu 2014 linalengeza, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2016 linakhazikitsa lamulo loti mlendo asakhale wophika wamkulu wa zakudya 13 za pa timalo ta mavenda, kuphatikizapo char koay teow, asam laksa, Hokkien mee, nasi lemak ndi pasembur. Kutsuka mbale ndi kukonza zipangizo amaloledwa, kukazinga ayi. Chifukwa chake ankati n'kuteteza kakomedwe kenikeni ka Penang. Anthu ambiri a pachilumbachi anagwirizana nazo.

Ine lamuloli limandivuta. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mwa zakudya 13 zija zambiri zinafika pachilumbachi m'manja mwa mlendo wosauka wotsika m'sitima, wosadziwa chilankhulo, amene khonsolo ya nthawi yake inkamuthamangitsa. Mnyamata wa ku Myanmar amene waima pambali pa agogo kwa zaka khumi akuyang'ana moto ndiye wofanana kwambiri ndi amene anayambitsa malondawa kuposa mdzukulu amene amabwera pa Chaka Chatsopano cha Matchaina chokha. N'zoona kuti alipo eni timalo amene amalemba ntchito munthu lero, mawa n'kumusiyira chiwaya iwo ali kunyumba, ndipo chakudya chotero chimaipadi. Koma pamenepo vuto ndi kusaphunzitsa, osati pasipoti.

Achinyamata ena a konko akubwerera ku malonda a makolo awo, makamaka pamene dzina latchuka kale ndipo mzere wa makasitomala ndi wotsimikizika. Amasintha zina: amaika gasi m'malo mwa makala, amagula ma noodles ku fakitale, amatseka masiku awiri pa sabata, amakweza mtengo, makasitomala akale n'kumadandaula kuti sizikukomanso ngati za bambo awo. Kumene kulibe wolowa m'malo, wophika akadwala mawondo kapena msana amangomata kapepala pa chikuku kuti wapuma, ndipo mwini kopitiam amamata kake pambali pake kuti malo alipo a lendi.